Musanagule kompyuta yoeditira kanema, yambani mwafunsa kamera yanu

Anthu akakolola, maukwati ndi zinkhoswe zimayamba kugundana Loweruka lililonse, ndipo ojambula kanema a muno mu Zomba sapuma. Ndi nthawi yomweyi pomwe makompyuta awo amaonetsa khalidwe lawo lenileni: kanema akudukizadukiza, mawu ali patsogolo chithunzi chikutsalira, uku akwati akuimba foni m'mawa ndi madzulo kufunsa ngati zatheka. Masabata angapo apitawo mnyamata wina wa ku Chinamwali, yemwe amajambula maukwati ndi makwaya, anandipeza ali ndi kapepala m'manja. Anali atapita ku Blantyre kukafunsa mitengo.

"Achimwene, taonani apa. Iyi ndi i7, inayi ndi i5, koma ya i5 ndiye yodula. Anthuwa akufuna kundidyera masuku pamutu eti?"

Nditawerenga manambala onse ndinaona kuti palibe amamubera. I7 ija inali i7-3770, ya mu 2012. I5 inali i5-12400, ya mu 2022. Zasiyana zaka 10, ndipo pa ntchito ya kanema yatsopanoyo imaisiya kutali yakaleyo. Palinso china chomwe chawonjezera chisokonezo masiku ano: kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna pulosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo kwa AMD. Makompyuta ambiri otchipa ochokera m'maofesi akunja, omwe amaoneka owala pashelefu, ali kumunsi kwa mzere umenewu.

Mnyamatayo ankafuna kudzimangira yake, kugula chiwalo chilichonse pachokha. Ndinamufunsa funso limodzi: kamera yako imalemba fayilo yamtundu wanji? Anandiyang'ana ngati ndamufunsa dzina la agogo a agogo ake.

Ziwalo zake ndi ntchito zake

Taganizani za shopu ya telala pamsika waukulu wa Zomba. Pulosesa ndiye telalayo, mwini nzeru ndi manja. RAM ndi tebulo lomwe amayalapo nsalu yomwe akudula panthawiyo. Likachepa, amangokhalira kupinda ndi kufunyulula m'malo mosoka. Disiki ndi mashelefu osungirapo nsalu zonse. Graphics card, lomwe ndizingoti khadi, ndi chigulu cha anyamata ophunzira ntchito: aliyense amadziwa kanthu kamodzi kophweka, koma alipo masauzande ndipo amagwira nthawi imodzi. Motherboard ndi chipinda chomwe onsewa akhalamo ndi kupatsirana katundu. Power supply ndi kabokosi komwe kamalandira magetsi a 230 volts a pakhoma n'kuwatsitsa kuti ziwalo zonse zidye.

Ubwino womanga nokha ndi woti ndalama mumaika pomwe ntchito yanu ikuvutikira, ndipo chiwalo chimodzi chikatha kapena chikachepa mumasintha chokhacho. Kuipa kwake, kuonetsetsa kuti ziwalozo zikugwirizana ndi udindo wanu, ndipo chikavuta palibe munthu mmodzi womulozera chala.

Belo la kaunjika lomwe lili m'kamera

Kanema ndi zithunzi zotsatizana mothamanga, kuno kwathu kawirikawiri 25 kapena 50 pa sekondi. Manambalawa si amwayi: magetsi athu amagunda ka 50 pa sekondi, ndipo amene amajambula pa 30 kapena 60 m'holo yowala ndi mababu nthawi zina amapeza kanema wake akuphethira. Chithunzi chilichonse ndi timadontho. Full HD ili ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, tonse pamodzi topitirira pang'ono 2 miliyoni. 4K ili ndi 3840 ndi 2160, pafupifupi 8.3 miliyoni, kuchulukitsa kanayi.

Kamera itati izilemba kadontho kalikonse monga kalili, sekondi imodzi ya 4K ingadye malo opitirira 600 MB, ndipo memori khadi ya 64 GB ingadzaze mphindi 2 zisanakwane, mkwatibwi asanafike n'komwe pakhomo la tchalitchi. Choncho kamera imapanikiza zithunzizo monga amapanikizira belo la kaunjika. Njira yopanikizira ndi kumasulira imeneyi ndiyo amati codec. Zofala kwambiri ndi H.264, yomwe inakhazikitsidwa mu 2003, ndi H.265, yotchedwanso HEVC, ya mu 2013. Makamera ambiri amalemba 4K pa 100 megabit pa sekondi, zomwe ndi 12.5 MB pa sekondi, kapena kuti 45 GB pa ola. Belolo lafinyidwa pafupifupi ka 50.

Mafinyidwe akewo ndiye gwero la mavuto. Mukudziwa kabuku ka ngongole ka pagolosale. Mwini golosale salemba ngongole yanu yonse tsiku lililonse. Amalemba kamodzi pamwamba, kenako m'munsimu amangoti watenga shuga, wabweza zakuti, watenga sopo. Kuti mudziwe kuti Lachinayi munali ndi ngongole yochuluka bwanji, muyenera kuyambira pamwamba n'kumawonkhetsa mzere ndi mzere. H.264 ndi H.265 zimatero. Zimasunga chithunzi chimodzi chathunthu, kenako pa zithunzi zambiri zotsatira zimangolemba zomwe zasintha. Mkwatibwi wayima patsogolo pa khoma, khomalo silikusuntha, ndiye bwanji kulilemba ka 25 pa sekondi? Zimangolemba kuti dzanja lakwera, mutu watembenuka.

Poonera kanema kuyambira poyamba mpaka pomaliza, izi sizivuta. Ngakhale foni yotchipa imatha. Koma woedita saonera motero. Amalumpha, amabwerera m'mbuyo, amadula pakati, amayala makamera atatu nthawi imodzi. Kulumpha kulikonse kompyuta imathamangira ku chithunzi chathunthu chija n'kuwonkhetsa mpaka pomwe mwayima. Makamera atatu ndi mabuku atatu a ngongole owerengedwa nthawi imodzi, kutsogolo ndi kumbuyo.

Palinso ma codec ena opangidwira kuedita, monga ProRes ya Apple ndi DNxHR ya Avid. Awa amasunga chithunzi chilichonse chathunthu, ngati zovala zopachikidwa kale pa mahang'ala. Kompyuta sivutika nawo, koma malo ndiye amadya mosaona nkhope: ola limodzi la 4K mu ProRes 422 HQ limapitirira 300 GB.

Kenako pali manambala awiri omwe ambiri sawayang'ana. Loyamba ndi 8-bit kapena 10-bit. Pa 8-bit, mtundu uliwonse mwa itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, uli ndi masitepe 256 kuchoka kowala kufika kwakuda. Pa 10-bit alipo 1024. Mukajambula dzuwa likulowa kuseri kwa phiri pa 8-bit n'kuyamba kukoka mitundu, thambo limaoneka mizeremizere. Lachiwiri ndi 4:2:0 kapena 4:2:2, lomwe likunena kuchuluka kwa mtundu womwe wasungidwa. 4:2:2 imasunga kawiri. Mafoni ndi makamera akale amalemba 4:2:0. Makamera atsopano monga Sony a7 IV ndi Canon R6 amatha kulemba 10-bit 4:2:2, ndipo apa ndi pomwe anthu amalira, chifukwa kompyuta yomwe inkauluka ndi kamera yakale imagwada ndi yatsopano ngakhale zonse zili 4K.

Chifukwa chake n'chakuti m'kati mwa mapulosesa ena ndi m'makhadi muli kachigawo kakang'ono komwe ntchito yake n'kumasula belo basi. Fayilo ikakhala yamtundu womwe kachigawoko kamaudziwa, imatseguka mwamsanga, pulosesa ili phee. Ikakhala yachilendo, katundu yense amagwera pulosesa. Ka Intel kamatchedwa Quick Sync, kanayamba mu 2011, ndipo kuyambira m'badwo wa 11 kamamasula H.265 ya 10-bit 4:2:2. Makhadi a NVIDIA anayamba kumasula 4:2:2 mu 2025, ndi gulu la RTX 50. Ndiye kuti munthu atha kukhala ndi RTX 4090, khadi lodula koopsa, koma pa fayilo yoteroyo khadilo osamuthandiza kumasula.

Kudziwa mtundu wa fayilo yanu sikulira ndalama. Pulogalamu yaulere ya MediaInfo imakuuzani codec, ma bit ndi zonsezi mukangoiponyera fayilo imodzi. Lembani papepala musanapite kukafunsa mtengo wa chilichonse.

Pali njira inanso yaulere yomwe ena amaiona ngati yonyozeka: proxy. Pulogalamu imapanga makope opepuka a mafayilo anu, mumaedita pa makopewo, ndipo potulutsa kanema womaliza imabwerera ku mafayilo enieni. Mumataya maola angapo poyamba, mwina usiku umodzi magetsi akalola, koma kompyuta wamba imagwira ntchito yomwe ikanafuna yodula. Makasitomala sadziwa kusiyana kwake.

Pulosesa: werengani nambala yonse

Dzina loti i5 kapena i7 limangonena udindo wa pulosesayo pakati pa anzake obadwa chaka chimodzi. Msinkhu uli pa nambala yotsatira. Pa i7-3770, 3 ndiye m'badwo. Pa i5-12400, m'badwo ndi 12. I7 ija ili ndi ma core 4, kutanthauza atelala anayi m'shopu. I5 ili ndi 6, ndipo aliyense wa iwo ndi wachangu kuposa akalewo. Kwa AMD, Ryzen 5 5600 ndi wa gulu la 5000, Ryzen 7 7700 wa gulu la 7000. Kuyambira kumapeto kwa 2023 Intel inasintha mayina, zatsopano zikutchedwa Core Ultra.

Chilembo chakumapeto n'chofunika kuposa momwe chimaonekera. F amatanthauza kuti pulosesayo ilibe chigawo cha zithunzi m'kati, ndiye kuti ilibenso Quick Sync. Osewera magemu amaikonda chifukwa imatsikako mtengo pang'ono. Kwa woedita kanema, kandalama kopulumutsako n'kamene kamadzamuluma pambuyo pake. Mukagula yopanda F n'kuikanso khadi, onetsetsani mu BIOS, pulogalamu yoyambirira ya motherboard, kuti chigawo cha m'katicho sichinazimitsidwe, chifukwa ma motherboard ena amachizimitsa okha akaona khadi. K amatanthauza pulosesa yomwe ingakankhidwe kuthamanga kwambiri, ndipo imadya magetsi ambiri: i9-14900K imafika mawati 253, pomwe i5-12400 imathera pa 117.

Ma core 6 mpaka 8 a m'badwo watsopano amakwanira ntchito zambiri za ukwati ndi kwaya. Ochulukirapo amafupikitsa nthawi yotulutsa kanema womaliza, zomwe anzathu amati render, koma sikuti 16 amathamanga kawiri kuposa 8 pa chilichonse. AMD imapereka mphamvu zabwino pa magetsi ochepa, ndipo ngati mafayilo anu ndi 4:2:0 khadi limamasula bwinobwino popanda Quick Sync. Dziwani chabe kuti Ryzen 5 5600 ilibe chigawo cha zithunzi, popanda khadi sikirini siyaka n'komwe. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapulosesa ena amphamvu a m'badwo wa 13 ndi 14 ankawonongeka chifukwa cholandira magetsi opyola muyezo, ndipo inatulutsa chokonzera chomwe chimabwera ndi BIOS yatsopano. Chokonzeracho chimateteza pulosesa yabwino, sichichiritsa yowonongeka kale, choncho amenewa ogwiritsidwapo kale ntchito ndi ofunika kuwayesa mofatsa.

Motherboard ndi RAM

Motherboard siwonjezera liwiro, ndipo timagetsi tamitundumitundu tomwe ena ali nato ndi zokongoletsa chabe. Chachikulu ndi soketi, pomwe pamakhala pulosesa. Intel ya m'badwo wa 12, 13 ndi 14 imakhala pa LGA1700. Core Ultra 200 pa LGA1851. Ryzen 5000 pa AM4, Ryzen 7000 ndi 9000 pa AM5. Sizilowerana. Ikhale ndi malo 4 a RAM ndi malo osachepera 2 a ma SSD, madisiki achangu opanda mbale zozungulira, ang'onoang'ono otchedwa M.2, kuti chaka chamawa mudzawonjezere osataya kanthu.

RAM ilipo ya DDR4 ndi ya DDR5, ndipo kampata ka pansi pake kali malo osiyana, moti simungalowetse ina m'malo mwa inzake. AM4 imadya DDR4, AM5 ndi LGA1851 zimadya DDR5 yokha, pomwe pa LGA1700 zimatengera motherboard yomwe mwasankha. Kampani ya Adobe imalangiza 16 GB pa Full HD, ndi 32 GB kapena kuposerapo pa 4K. A Blackmagic Design, eni DaVinci Resolve, amati 16 GB poyambira, 32 GB ngati mukugwiritsa ntchito Fusion, gawo lake la zokometsera. Gulani timitengo tiwiri tofanana m'malo mwa kamodzi kakakulu, chifukwa pulosesa imatunga mbali ziwiri nthawi imodzi. Ndipo tebulo likakwana lakwana. Kulikulitsa kuposa nsalu sikuthamangitsa telala. Mfundo imeneyi yafunika kwambiri kuyambira kumapeto kwa 2025, pomwe mitengo ya RAM inakwera kwambiri padziko lonse chifukwa makampani a AI akuigula mwaunyinji. Motherboard ya DDR4 yomwe ena ankaiona ngati yachikale yakhalanso ndi oifuna.

Khadi limatengera pulogalamu yanu

Kukonza mitundu, kuchotsa kugwedera kwa kamera, kufewetsa nkhope, kuika mawu oyendayenda pasikirini: zonsezi ndi ntchito yobwereza kanthu kamodzi pa timadontho mamiliyoni, ndipo ndi ya chigulu cha anyamata chija. DaVinci Resolve imatsamira kwambiri pa khadi. Premiere Pro imagawa katundu pakati pa pulosesa ndi khadi. Amene amangodula ndi kulumikiza zidutswa za Full HD atha kuyamba popanda khadi n'komwe, bola pulosesa ikhale ndi chigawo cha zithunzi.

Khadi lili ndi tebulo lakelake, lotchedwa VRAM, ndipo ili silingawonjezeredwe. Likadzaza, Resolve imangoima n'kukuuzani kuti memori ya khadi yatha. Pa 4K, 8 GB ndi poyambira, 12 GB imapatsa mpata wopumira. Apa pali chisankho chomwe chilibe yankho limodzi. RTX 3060 ya mu 2021 ili ndi 12 GB ndipo imadya mawati 170. RTX 4060 ya mu 2023 ndi yachangu, imadya mawati 115 okha, koma ili ndi 8 GB. Wodalira batire ndi sola aona ubwino wa yachiwiriyo. Wokonda kuunjika zokometsera aona wa yoyambayo. Samalani, iliponso RTX 3060 ya 8 GB, dzina lomwelo. Intel nayo ili ndi makhadi ake, monga Arc B580 ya 12 GB, ndipo AMD ili ndi Radeon.

Pulogalamu nayo ilowe mu bajeti. Premiere Pro imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena pachaka, m'ndalama zakunja, zomwe aliyense akudziwa mmene zikusowera. DaVinci Resolve ili ndi yaulere yomwe imatulutsa mpaka 4K, ndi ya Studio ya madola 295 olipira kamodzi. Chida chochotsera timchenga tomwe timadzaza kanema wojambulidwa m'holo yamdima chili mu Studio, pamodzi ndi zina mwa njira zomasulira mafayilo mwachangu pa Windows. Za mapulogalamu othyoledwa loko sindinenapo zambiri, koma ndaonapo anthu akusintha RAM ndi khadi pofuna kuchiza matenda omwe anali mu pulogalamuyo.

Posungira: kukula kumaposa liwiro

Hard disk, yokhala ndi mbale zozungulira m'kati, imawerenga pakati pa 150 ndi 250 MB pa sekondi. SSD yolumikizidwa pa pulagi yakale ya SATA imafika cha pa 550. SSD ya NVMe, yomwe imalankhulana ndi motherboard kudzera pa njira yachangu yotchedwa PCIe, imafika 3,500 pa PCIe 3.0, 7,000 pa PCIe 4.0, ndipo ya PCIe 5.0 imapitirira 10,000. Ogulitsa amakonda manambala amenewa. Koma kumbukirani kuti fayilo ya 4K ija imangofuna 12.5 MB pa sekondi. Ngakhale makamera anayi sangatopetse SSD wamba. Hard disk imavuta poedita osati chifukwa cha liwiro lokha, koma chifukwa kasingano kake kamayenera kuyenda kukafuna chidutswa chilichonse mukalumpha. SSD iliyonse yabwino imathetsa zimenezo, ndipo ndalama ya PCIe 5.0 ndi bwino igule malo ochuluka.

Malo ndiye nkhani. Makamera 2, lililonse maola 6 kuyambira kokonzera mkwatibwi mpaka perekaniperekani, pa 45 GB pa ola: 540 GB ukwati umodzi, musanawerengere ma proxy ndi kanema womaliza. Disiki yolembedwa 1 TB imaoneka 931 GB mu Windows. Sikuti akuberani, ndi kawerengedwe kosiyana. Walira mvula walira matope, wofuna 4K akonzekere madisiki. Makonzedwe omwe ndimawaona akuyenda bwino ndi SSD imodzi ya Windows ndi mapulogalamu, ina ya ntchito yomwe ili m'manja, ndi hard disk yaikulu yosungira zomwe zatha. Kenako kope lachiwiri pa disiki yakunja yomwe sigona m'chipinda chimodzi ndi kompyuta. Kwaya mutha kuiitananso ku Botanic Garden kukajambula kachiwiri, monyinyirika. Ukwati ayi.

Magetsi, pomwe upangiri wa pa YouTube sutifikira

Ambiri omwe amalangiza za makompyuta pa intaneti amakhala kumayiko komwe magetsi kuzima ndi nkhani ya pa wailesi. Mndandanda wawo umathera pa khadi. Wathu uyenera kupitirira.

Zaka zapitazo ndinamanga kompyuta n'kusiya power supply yomwe inabwera ndi kesi. Papepala lake panalembedwa mawati 500, koma kuinyamula inali yopepuka ngati chitini chopanda kanthu. Inagwira miyezi ingapo. Tsiku lina madzulo magetsi anazima, ine osazimitsa switchi ya pakhoma. Atabwera ndinangomva kuti phu, kenako fungo la pulasitiki wopsa. Inapita ndi motherboard komanso disiki momwe munali nyimbo za kwaya ina, zojambulidwa masiku awiri. Kope lina ndinalibe. Kupita kukawafotokozera amayi aja, atavala kale yunifolomu kudikira kuonera, ndi ulendo womwe sindifuna kuubwereza.

Power supply yabwino ili ndi zotetezera zomwe zimaizimitsa zinthu zikasokonekera, m'malo mopatsira motowo ku ziwalo zina. Chizindikiro cha 80 Plus chimatanthauza kuti magetsi osachepera 80 pa 100 aliwonse omwe yakoka amafika ku ziwalo, otsalawo ndiwo amasanduka kutentha. Bronze ndi Gold ndi masitepe okwererapo. Si umboni wathunthu wa ubwino, koma yopanda ngakhale chimenechi ndi yokayikitsa. Kukula kwake mumawonkhetsa: pulosesa ya mawati 117, khadi la 170, zina zonse tingoti 60, zikukwana pafupifupi 350. Ya mawati 550 kapena 650 ikwanira ndi mpata wotsala. Nambala yolembedwapo ndi malire a zomwe ingapereke, osati zomwe imadya nthawi zonse, choncho ya 650 simaliza mayunitsi kuposa ya 550 pa kompyuta yomweyo.

Apa ndi pomwenso makompyuta a m'maofesi aja amagwiritsa mwala. Ambiri ang'onoang'ono a Dell ndi HP ali ndi power supply ya mawati osafika 300, ya mapulagi akeake, ndi kesi yopapatiza moti khadi lalikulu silikwanamo. Kugula poganiza kuti mudzawonjezera khadi pambuyo pake kumafuna kutsegula kaye n'kuyeza.

UPS ndi kabokosi ka batire komwe kamagwirizira kompyuta magetsi akazima. Amailemba mu VA, osati mawati, ndipo pa zotchipa mawati enieni amakhala cha pa 60 pa 100 aliwonse: ya 650 VA imanyamula mawati osafika 400, ya 1000 VA cha pa 600, ndipo sikirini nayo idya pomwepo. Batire la m'kati mwa zazing'ono nthawi zambiri ndi la 12 volts, 7 Ah. Ndi la mphindi zochepa, zongokwanira kusunga ntchito ndi kuzimitsa bwino, osati kumalizira render. Ma power supply amakono amagwirizana bwino ndi UPS kapena inveta ya pure sine wave, yomwe magetsi ake ndi osalala ngati a pakhoma. Pa zinazo ena amalira kapena kuzima panthawi yomwe mumawadalira.

Wofuna kugwira ntchito magetsi kulibe awerengere motere. Batire la 12 volts, 100 Ah limasunga mawati 1,200 a ola limodzi. Ngati ndi la mtovu ndi asidi, kuti likhalitse mumangogwiritsa theka, 600. Kompyuta ndi sikirini zikamadya 300, ndi maola osakwana 2, poti inveta nayo imadyako. Mukatero mumaona kuti kusiyana kwa mawati 117 ndi 253 pa pulosesa kungakukakamizeni kugula batire lina. N'chifukwa chake ena amasankha laputopu, yomwe ili ndi batire lake, kapena Mac mini ya M4, yomwe imadya magetsi ochepa kwambiri ndipo imamasula ProRes ndi H.265 payokha. Kuipa kwake, RAM yake simungaiwonjezere, ndipo ikawonongeka si aliyense angaitsegule. Nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba kung'anima paphiri, chotetezera chodalirika ndi kuzula pulagi.

Kutentha, fumbi ndi alendo osaitanidwa

Pulosesa ikafika madigiri 95 mpaka 100 imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Mu Okutobala, m'chipinda cha malata chopanda siling'i, kompyuta yomwe inkathamanga mu Juni imayamba ulesi, mwini wake n'kumaganiza za vairasi. Kesi ikhale ya maukonde kutsogolo, osati galasi lotseka, ndi mafani awiri olowetsa mphepo ndi imodzi yotulutsa. Choziziritsira cha zitsulo ndi fani chimakwanira mapulosesa apakati. Cha madzi n'chokongola, koma pampu yake ikafa simuipeza pa Mpondabwino. Kompyuta isakhale pansi. Miyezi ingapo iliyonse itulutseni panja, muipemerere ndi bulowa mutagwira mafani kuti asazungulire. Ndinatsegulapo ina momwe nalimata anaumira m'kati mwa power supply, ndipo mphemvu zimakonda kufunda komweko.

Za sikirini ndinene mwachidule. Ikhale ya IPS, yomwe mitundu sisintha mukaiyang'anira chammbali, ndipo ikwanitse mitundu ya sRGB, muyezo wa mitundu womwe masikirini ambiri amatsatira. Wailesi yakanema ya pabalaza imakometsa mitundu mwadala, moti khungu la mkwatibwi lomwe mwalikonza pamenepo limakaoneka lotuwa pafoni ya apongozi.

Pogula

Ziwalo zambiri zimachokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kapena mumatuma wachibale wa ku Johannesburg. Funsani za waranti musanapereke ndalama, ndipo funsani kuti chikafa mudzachibweza kuti, chifukwa waranti yofuna kutumiza katundu kunja ndi dzina chabe. Zogwiritsidwapo kale ntchito si zoipa zonse. Pulosesa ndi RAM sizifa wamba. Power supply ndi disiki ndi bwino zikhale zatsopano. Khadi lili pakati: ambiri a RTX 30 anagwira usana ndi usiku kukumba ndalama za pa intaneti mpaka 2022, ndiye mverani mafani ake ndipo muliyese litatentha.

Mapulogalamu aulere amaulula zomwe chomata chimabisa. CPU-Z ndi GPU-Z zimanena dzina lenileni la pulosesa ndi khadi. CrystalDiskInfo imaonetsa maola omwe disiki yagwira ndi thanzi lake. H2testw imadzaza disiki kapena memori khadi n'kuwerenganso, ndipo yabodza, yolembedwa 1 TB pomwe m'kati ndi yaing'ono, imagwidwa pomwepo.

Mnyamata wa ku Chinamwali uja anabweranso mawa lake ndi memori khadi komanso kompyuta yake yakale. MediaInfo inati H.264, 8-bit, 4:2:0, Full HD pa zithunzi 50. Fayilo yofatsa. Tinaitsegula mu pulogalamu yake, n'kudina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti tione Task Manager, yoonetsa katundu yemwe chiwalo chilichonse chasenza, uku akuedita. RAM yake ya 8 GB inali yodzaza mpaka pakamwa, hard disk ili pa 100 peresenti osatsika, pulosesa nayo ikuwefuka akangolumpha.

"Ndiye khadi lija la 12 GB ndilisiye, achimwene?"

Analisiya kaye. Anatenga i5 yopanda F, motherboard ya DDR4 ya malo 4, RAM ya 16 GB m'timitengo tiwiri, SSD ya 1 TB, ndi power supply ya mawati 650 yodikira khadi lomwe adzagule akadzasintha kamera. Ndalama yotsalayo inapita ku UPS ndi disiki yakunja, yomwe akuti imagona kwa mayi ake ku Matawale.